Eneless ndi Kutalika kwa Joni

Ku Area 25 mukafunsa za Eneless, amake Tadala, palibe amene amayamba n'kukuuzani kuti ndi mzimayi wolimbikira, ngakhale zili zoona. Onse amayamba ndi nkhani ya mazira.

Munali mu Juni, chaka cha 2006, tsiku limene Bahati, mwana wa aneba ake a Zaituni, ankapita ku Joni kukachita kosi ya unamwino. Akuntchito kwake anamulipirira ndege. Tsono kwathu kuno munthu sakwera ndege yekhayekha ngati ndi ija ya lichero. Laini yonse inati iperekeze. Anachita hayala minibasi, anadzazamo mpaka wina kukhala painjini, ulendo wa ku eyapoti ku Lumbadzi. Eneless anatchena chitenje chatsopano ndi nsapato za gogoda zobwereka kwa mnzake wa kumvano, pamutu atasenza beseni lomanga ndi nsalu yoyera. Atangoponda m'chinyumba cha ku eyapoti chija, pansi popolishidwa ngati galasi, gogoda inamukana. Mwendo uwu kumpoto, uwu kummwera, mayi wathunthu pansi khu! Beseni linagubuduka likulira ngati belu la pasukulu. Nkhuku zokazinga uko, chigumu uko, ndipo mazira owiritsa anamwazika m'chinyumba chonse, lililonse njira yake. Limodzi linakaima pansapato ya wapolisi, amene analiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kulifunsa pasipoti.

Sanathyoke paliponse. Anadzuka, anakonza chitenje, anavula gogoda zija n'kuzipana m'khwapa, ndipo anayamba kutola mazira ake limodzilimodzi, nkhope ili gwa, ngati ndi mmene anthu onse amalowera mu eyapoti.

Bahati anagwada kumuthandiza, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Anti, koma zonsezi n'za ndani?"

"Za ndani bwanji? Zako. Ukadya chiyani m'njira monsemo?"

"Njira yake iti, anti? Ndi maola awiri ndi kanthu basi. Ndikafika inu musanateleke ndiwo zamadzulo. Komanso chakudya amapereka momwemo."

"Iwe Bahati, ine ndinayamba kudyetsa anthu a ku Joni iwe uli ndi mamina. Joni ndi masiku atatu."

"Pabasi, anti."

"Kaya pabasi, kaya pachiyani, Joni samasuntha."

Musamuone ngati wamakani chabe. Ankayankhula ngati katswiri, poti ntchito yake inali imeneyo. Eneless ndiye anali wokonza kamba wa apaulendo a ku Joni ku 25 konse. Azimayi a geni aja amakaoda mabulangete, mapoto ndi nsapato, tsiku loti mawa anyamuka ankadzera pakhomo pake. Nkhuku yake inali ya chikuda, yowiritsa ndi mchere kenako n'kukazinga mpaka madzi onse kuthamo. Anyezi ayi, tomato ayi, chifukwa amenewo ndiwo amasasitsa chakudya m'njira. Sankaikulunga ikadali yotentha, ndipo jumbo sankafuna n'kuiona komwe, ankati imachititsa nkhuku thukuta. Pepala la khaki basi. Iye mwini anali asanapitirirepo pa Dedza, kwawo, koma njira yonse anali nayo m'mutu ngati katekisimu. "Mazira mudye musanafike ku Tete, kumeneko n'kotentha. Chigumu ndi cha pa Nyamapanda. Nkhukuyo musaikhudze mpaka pamzere wa pa Beitbridge, mudzandikumbuka." Ndipo ankamukumbukadi.

Ntchitoyi anaiyambira pa mlongo wake, Lewis, woyamba kubadwa m'banja mwawo. Bambo awo atamwalira, mbuzi zimene zinatsala zinangokwanira sukulu ya mwana mmodzi, ndipo simufunika kukaombeza kuti mudziwe amene anapita kusekondale. Eneless analekera Sitandade 8, anakwatiwa ndi bambo Anock, munthu wofatsa wogwira ntchito ya fodya ku Kanengo, amene mawu ake a tsiku lonse angakwane m'kabokosi ka machesi. Lewis anamaliza Fomu 4, anazungulira tauni kufunafuna ntchito mpaka nsapato kutha zidendene, ndiye zipani zambiri zitangoyamba anati akayese ku Joni. Kamba wake anakonza ndi Eneless. Patapita miyezi kunabwera munthu wochokera konko ndi uthenga woti nkhuku ija inafika pa Beitbridge isanasinthe fungo. Mbiri inayambira pamenepo.

Nkhuku inafika, Lewis anafika, koma kubwerako ayi. Zaka zinapitirira khumi. Amayi awo, agogo a Nachisale, miyendo itayamba kutupa ndi maso kuchita chifunga, Eneless anakawatenga kumudzi n'kuwapatsa chipinda cha ana. Ndiye ankawasambitsa, ndiye ankawaperekeza kukayezetsa BP, ndiyenso ankalandira mawu phala likachepa shuga. Agogowo sanali oipa mtima, koma pakamwa pawo sipankachoka Lewis. Tsiku lonse ankakhala pakhonde atafunda bulangete la kambuku limene Lewis anatumiza, ndipo aliyense wodzatenga kamba ankamuimitsa.

"Mukakamuona Lewis wanga, mukamuuze asadzivute, tili bwino. Joni si pakhomo."

Eneless naye ankayimba nyimbo yomweyo, mokweza kuposa amayi ake. Munthu akangoyerekeza kunena kuti Lewis ndi mtchona, ankamuyankha mpaka kumuperekeza pageti. "Inu munapitako? Masiku atatu m'basi, matako kuchita dzanzi, maboda atatu, kenako masiku ena atatu kubwerera. Bwana wake uti angamupatse munthu tchuthi chotero?" Mwezi sunkatha osamutumizira kathumba ka ufa woyera ndi usipa. Ankanyadiranso kuti mlongo wakeyo anali tcheyamani wa bungwe la maliro la Amalawi kumeneko: Mmalawi akamwalira ku Joni, Lewis ndiye ankayendetsa zonse kuti thupi libwere kumudzi. Ndege ankaziona tsiku ndi tsiku zikudutsa pamwamba pa malata ake, koma ankaziwerengera limodzi ndi mitambo, zinthu zakumwamba zosakhudza anthu a ku 25. Anali asanadzifunsepo kuti zimatenga nthawi yotani.

Tibwerere ku tsiku la mazira lija. Ndege ya Bahati itanyamuka, anthu atabayibitsa mpaka mikono kuwawa, anakwera minibasi yawo kubwerera. Sinapite patali. Itangokhotera mumsewu waukulu inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anasuzumira muinjini, anapukusa mutu, n'kukwera lole ya ku Kanengo kukasaka kachitsulo kena kake. Operekeza anayala zitenje pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, mphepo ya Juni ikuwalowa m'mafupa, ndipo njala itawapeza anakumbukira beseni la Eneless. Kamba wa ku Joni anadyedwa pa Lumbadzi.

Akadali pomwepo, dalaivala asanaoneke, kafoni ka a Zaituni kanalira. Kafoni kameneko kanali ndi vuto limodzi, kanalibe chinsinsi. Munthu akamayankhula mbali inayo ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu.

"Amayi, ndafika!"

"Wafika kuti?"

"Ku Joni! Ndatuluka kale, ndili ndi ankolo a Lewis, andichingamira. Foniyi ndi yawo. Inu mwafika kunyumba?"

A Zaituni anayang'ana minibasi, anayang'ana mtengo. "Ife tili pa Lumbadzi, mwanangu."

Anthu anafa nacho chiseko. Eneless sanaseke. Anali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja, ndipo anasiya kutafuna.

Kenaka pafoni paja panamveka mawu aamuna, onenepa, a munthu wozolowera kuyankhula pagulu. Anali Lewis.

"Mayi, musadere nkhawa, mwana wafika bwinobwino. Eish, ulendo uwu si ulendo ayi. Ine ndege imeneyi ndimaikwera ngati minibasi. Tikakhala ndi maliro a anthu opezako bwino ndimaperekeza ndekha, kukatula thupi pa Lilongwe pomwepo, kugona, mawa lake ndabwerera. Pafupi kwambiri."

Pansi pa mtengo paja chiseko chinathera pomwepo. Ngakhale amene ankasenda dzira anasiya. Maso onse anatembenukira kwa Eneless, kenaka onse nthawi imodzi anapeza chinthu chosangalatsa choti ayang'ane pansi.

"Patseni foniyo," anatero Eneless.

"A Lewis," anatero a Zaituni, "achemwali anu ali pompano, akuti akupatseni moni."

Foni inati tu, tu, tu. Akuti mayunitsi anatha. Mwina anathadi.

Mkwiyo wa Eneless si uja wophulika n'kutha. Uli ngati makala a tsanya, pamwamba phulusa, m'kati moto. Tsiku limenelo anafika kunyumba dzuwa litapendeka, anawasambitsa amayi ake, anawapatsa mankhwala. Agogo anafunsa ngati mwana wa a Zaituni wanyamuka bwino, n'kuwonjezera kuti, "Mulungu amuyendetse, akafika mkuja ameneyo." Eneless anangoti, "Eya, amayi."

Koma m'mawa mwake ku 25 kunatentha. Anayambira kwa aphunzitsi ena opuma pantchito a palaini pomwepo, kukawafunsa ngati zoterezi zimathekadi. Aphunzitsiwo anasangalala kupeza wophunzira. Anatola kamtengo n'kujambula pansi: apa Lilongwe, apa Joni. Anafotokoza kuti basi imakhotakhota, imaima paboda paliponse anthu n'kutsitsa katundu yense, pomwe ndege imangowongola ngati chingwe, makilomita pafupifupi chikwi ndi theka, osaima, osaphulika tayala.

Eneless anayang'ana mizere iwiri ija, wokhota ndi wowongoka.

"Ndiye kuti Joni alipo awiri," anatero. "Wathu, ndi wa achimwene."

Woyamba kupsa anali Irene, mzimayi wa geni amene ankafikira kunyumba kwa Lewis akapita kokaoda.

"Irene, tandiyang'ana. Umadziwa?"

"Kudziwa chiyani, asisi?"

"Usandiyese mwana. Kuti achimwene amatera pa Lumbadzi apa ndi mitembo ya eni."

Irene analowetsa chala m'wigi n'kuyamba kukanda. "Asisi, ife timayesa mukudziwa. Nanga si nkhani za pabanja..."

"Kangati?"

"Aa, ine sindinawerenge. Chaka chathachi chokha mwina..."

"Mwina chiyani?"

"Asisi, nkhuku yanga yapsa?"

Nkhuku ya Irene inapita ndi tsabola wa kambuzi woti akuti analira kuyambira pa Beitbridge mpaka kukatsika basi, anzake akuyesa walandira uthenga wa maliro.

Ndege nazo zinalowa m'mavuto. Ikamadutsa masana, Eneless ankasiya chimene akuchita n'kutuluka pabwalo, manja m'chiuno. "Pita! Ndakuona! Lero wanyamula mtembo wa ndani?" Ana a palaini anafika poti ndege ikangomveka patali ankathamangira pageti pake kukamuuza kuti ikubwera. Kumvano, atapatsidwa mwayi wotseka ndi pemphero, anati, "Ambuye, Inu amene mumaona onse odutsa m'mwamba, ena mumawadziwa ndi maina awo, ndipo mukudziwa amene ndikunena," azimayi n'kuvomera ameni wonjenjemera, nkhope atabisa m'mabuku a nyimbo. Bambo Anock anayesa kamodzi kunena kuti, "Mwina ali ndi zifukwa zake." Sabata imeneyo anadzichapira okha ovolosi.

Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti bodza la Lewis ankalilalikira ndi iye mwini, ndi pakamwa pake, popanda womutuma. Anadana ndi anthu chifukwa cha bodzalo. Mnzake wina anakhala naye chaka osapatsana moni chifukwa cha mawu oti mtchona. Ndipo nthawi yonseyo mlongo wake ankadutsa pamwamba pa denga lake atamanga lamba, akumwa tiyi, mwinanso akuloza pansi kuuza woyandikana naye kuti apo ndi pa 25. Akaganiza zimenezi ankakwecha poto mpaka kutsala pang'ono kumuboola. Usipa umene anali atamusungira Lewis anaugawira aneba, ndipo aneba anaudya mwakachetechete.

Amayi ake okha sanawauze. Anayesa kangapo. Ankafika pakhonde n'kuwapeza akusisita bulangete lawo lija, iye n'kubwerera kumbaula yake.

Julaye anabwera ndi chisanu chake, ndipo agogo a Nachisale anadwala chifuwa. Anasiya kutuluka pakhonde. Phala ankangolawa n'kukankha mbale. M'mawa wina, Eneless akuwapukuta kumaso, anamugwira dzanja.

"Iwe, tamvera. Ine ndikadzapita, musadzathamangire kundiika. Mudzamudikire Lewis. Kaya masiku atatu, kaya anayi, mudzandisunge kozizira kuja kuchipatala. Mwana akuchokera kutali. Asadzapeze dothi lokha."

"Nanga kumuona muli moyo simukufuna, amayi?"

"Kufuna ndikufuna. Koma ndingamuvutitse bwanji mwana?" Anatembenukira kukhoma. "Ndimangofuna nditamugwirako kumaso. Mawu ake ndayamba kuwaiwala."

Eneless anaponya kansalu m'beseni, anamangitsa chitenje, ulendo wa kumsika wa Nsungwi, ku telefoni biyuro ya Kizito. Amene anakumana naye m'njira akuti sanayankhe moni wa munthu, ndipo ena anatembenuka n'kumutsatira, poti nkhope yotero siipita pachabe.

Biyuro ya Kizito inali katebulo, ambulera ndi foni imodzi, pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa makala. Panali mzere, koma anthu anapatuka okha. Kizito anaimba nambala ija n'kumupatsa foni ngati akupereka mpeni.

"Halo, ndani?"

"Ndine Eneless, achimwene. Musadule. Mukadula ndiimbira abusa a mpingo wanu konko, nambala ndili nayo."

"Aa, Ene! Mwadzuka bwanji kumeneko? Amayi ali bwanji?"

"Amayi akufa. Kaya inu, a tcheyamani?"

"Eish, Ene, usayankhule choncho. Iwe ukudziwa kuti kuno ndi ku..."

"Malizani. Ndi ku chiyani? Nenani kuti ndi kutali, anthu ali panowa amve."

Mbali inayo kunamveka kutsokomola.

"Ene, zija unamva zija sunamvetse. Ndikabwera ndi maliro ndimakhala pantchito ya bungwe, sindingamangopatuka. Komanso mwambo ukuudziwa, munthu wochokera kumaliro salowa m'nyumba muli wodwala asanasambe."

"Ndiye ku 25 kuno kulibe madzi?"

"Lero kulibedi," anatero bambo wina pamzere, ndipo azimayi anamuzazira kuti atseke pakamwa.

"Achimwene, kuchokera pa eyapoti kufika pakhomo panga, munthu wa njinga amafika asanatope. Mitembo ya eni mumaifikitsa. Mumavala suti, mumayankhula, anthu amakutamandani kuti muli ndi mtima. Amayi anu, amene anagulitsa mbuzi zonse kuti inu mudziwe Chizungu chokwerera ndege, ali gone pamphasa akuti aiwala mawu anu."

"Ndikuyesetsa, Ene. Mwina Disembala..."

"Disembala wa chaka chiti? Tamverani tsono, ndipo Kizito ndi mboni. Amayi andiuza kuti akadzatisiya tidzakudikireni. Ine sindidzadikira. Akadzatisiya m'mawa, madzulo ake tili ku Dedza, mawa lake taika. Foni sindidzaimba. Mudzamva ndi azimayi a geni, poti nkhani za kwanu inu zimayenda pabasi. Ndipo kumanda ndidzauza woyankhula m'malo mwa banja alengeze kuti mwana wawo woyamba, tcheyamani wa maliro ku Joni konse, sanabwere chifukwa n'kutali. Irene adzakafotokoza ku bungwe lanu mmene mwambo unayendera. Mukumudziwa Irene, sasiyako kanthu."

"Ene, sungachite zimenezo. Anthu adzati chiyani?"

"Funso limenelo ndi lanu, achimwene. Ine anthu anandiseka kale."

Anaika foni. Kizito, amene maso ake sachoka pawotchi munthu akamaimba, akuti tsiku limenelo anaiwala kuyang'anapo.

Sabata inadutsa kuli zii. Agogo ankangofookerafookera. Eneless anasiya kuzazira ndege, ankangoziyang'ana mpaka zitazimirira, ndipo amene amamudziwa akuti kumeneko ndiye kunali koopsa. Mumtima ankakonza mawu. Ankawakonza akuchapa, akukazinga, akutunga madzi, mawu oti Lewis akadzangoponda pageti adzamve zonse kuyambira pa mbuzi. Ndipo pansi pa mawu onsewo panali kamantha kamene sanauze munthu, koti mwina Lewis sabwera, ndiye iye adzayenera kusankha pakati pa zimene analumbira kumsika ndi zimene amayi ake anamupempha.

Loweruka lotsatira, chakumasana, takisi inaima pageti. Munatuluka bambo wamimba, jekete lachikopa, chipewa, masutikesi awiri. Laini yonse inapezeka ili ndi chochita panja, wina kusesa posesa kale, wina kuyanika zovala zouma. Eneless anali pambaula. Anaimirira, chipande m'manja, anakoka mpweya kuti ayambe.

"Ndani ameneyo?" kunamveka mawu ofooka m'nyumba. "Ndamva galimoto."

Lewis anavula chipewa. Anayang'ana mlongo wake ngati mwana wofika mochedwa kusukulu, anavula nsapato pakhomo, n'kulowa. Eneless anamutsatira, mawu ake onse ali m'kamwa.

Lewis anagwada pamphasa. "Amayi, ndine."

Agogo anatulutsa manja m'bulangete. Anamugwira pachipumi, m'masaya, m'makutu, ndi pazibwano zimene tsopano zinali ziwiri. Anamugwira nthawi yaitali. Bambo wamkulu uja, amene amayankhula pamaliro a anthu osagwetsa msozi, analira ngati mwana wotayika pamsika.

"Wawonda," anatero agogo. "Sakukudyetsa kumeneko."

Kenako anadzuka okha n'kukhala tsonga, chinthu chimene anali asanachite chiyambire kudwala.

"Eneless! Waima ngati mtengo bwanji? Teleka madzi munthu asambe, fumbi la maiko atatu lili m'thupi. Gwira tambala wamkulu uja. Inenso undipatse phala, ndamva njala."

Eneless anatembenuka kuti atuluke.

"Ndipo iwe, usayese sindimva poti ndili gone. Ndamva zimene unachita kumsika. Unamuzazira mlongo wako pagulu ngati wakuba. Taona tsono, wamuyendetsa mwana masiku atatu m'basi, miyendo yatupa iyi. Ulibe chisoni iwe. Lewis, njira inali bwanji, mwanangu?"

Pasutikesi imene inali pakhomo panalendewera kapepala ka ndege, kali mbee. Eneless anakayang'ana. Anayang'ana Lewis, ndipo Lewis anamubwezera maso a galu wogwidwa m'khitchini. Anayang'ana amayi ake, nkhope itawala ngati ya mtsikana, dzanja lili pamutu pa mwana wawo. Mawu aja anafika mpaka kumano. Anawaluma.

"Yankhani, achimwene," anatero pang'onopang'ono. "Amayi akufunsa za njira."

Lewis anati, "Njira inali yotopetsa, amayi."

"Wamva?" anatero agogo.

"Ndamva, amayi."

Anatuluka. Kuseri kwa nyumba anagwira tambala, amene sanalakwire munthu, ndipo mlandu wake unatha msanga. Anamuviika m'madzi otentha n'kuyamba kusosola, nthenga zikuuluka mpaka kukagwera kwa aneba, akumuuza tambalayo mawu onse amene anakonzera Lewis, kuyambira pachiyambi, osadumpha ndi limodzi lomwe. M'nyumba munamveka agogo akuseka, kuseka kumene Eneless anali asanakumve chiwatengereni kumudzi. Anaima kaye kumvetsera. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kenaka anabwerera pa tambala uja mwaukali woposa poyamba.

A Zaituni anasuzumira pampanda, nthenga imodzi itakakamira pampango wawo. Anamuyang'ana kanthawi, ndiye anati:

"Amake Tadala, tamulekani tambalayo, anafa kale. Mumafuna amayi anu amugwire mwana wawo kumaso, amugwira. Koma ngati mukudikira kuti akuuzeni zikomo inuyo, kokani mpando mukhale pansi, chifukwa zikomo amalandira ndi mlendo. Wa pakhomo amangomutuma madzi."